Mmene mungadziwire amene phungu wanu amamumvera akamavota

Mukamufunsa phungu kuti kodi m'nyumba ya malamulomo mumavota motsata chikumbumtima chanu, chipani kapena ife amene tinakusankhani, yankho mukulidziwa kale, adzati ndimamvera anthu anga, ndipo pena sikuti akunama dala ayi, iyeyo amakhulupiliradi choncho. Nde funsolo osamufunsa iye. Yankho mutha kulipeza nokha koma pamafunika kantchito ndithu, ndipo ndikufuna ndikuonetseni poyambira chifukwa zimandiwawa kuona anthu akumukweza munthu kapena kumutukwana pongotengera momwe amayankhulira pa msonkhano, pomwe chomwe chimasintha moyo wawo ndi voti yake, yomwe ambiri sanaiyang'anepo olo kamodzi.

Poyamba penipeni musathamangire kuona khalidwe lake. Fufuzani kaye kuti amene angamuchotse ntchito ndi ndani. Munthu aliyense amamvera kwambiri amene wagwira mpando wake, ndipo zimenezi zimasiyana dziko ndi dziko malinga ndi malamulo achisankho. Ku South Africa, pachisankho cha nyumba ya malamulo, pafupifupi aphungu onse amalowa kudzera pa mndandanda wa chipani, anthu amavotera chipani nde chipanicho ndi chomwe chinasanja mayina kuti uyu akhale pamwamba uyu pansi, komanso malamulo awo amati ukachoka kapena kuchotsedwa mchipani chomwe chinakulowetsa mpando watha pompo. Phungu wotereyu mukamayembekeza kuti azitsutsana ndi akuluakulu a chipani mukumupempha kuti adzichotse yekha ntchito. Ku India anachita kulemba mmalamulo aakulu adziko mu 1985 kuti phungu akavota motsutsana ndi zomwe chipani chalamula, kapena akangokana kuvota opanda chilolezo, atha kuluza mpando pokhapokha chipanicho chitamukhululukira pasanathe masiku 15. Anachita izi pofuna kuthetsa zodumphadumpha zipani zomwe zinkagwetsa maboma, koma zotsatira zake phungu wa kumeneko pa mavoti ofunika alibe mpata weniweni. Ku Germany gawo 38 la malamulo awo likunena mosiyana, kuti aphungu ndi oimira mtundu wonse, samangidwa ndi malangizo a wina aliyense ndipo amamvera chikumbumtima chawo basi. Ku Malawi gawo 65 anthu amangolidziwa mbali yake yoyamba yolanda mpando wa phungu yemwe wachoka chipani chake nkulowa china, koma ndime yachiwiri ya gawo lomweli imati phungu aliyense ali ndi ufulu wonse wovota momwe akufunira ndipo mpando wake sungalandidwe pachifukwa chokhacho choti wavota motsutsana ndi chipani. Nde werengani lamulo la dziko lanu pankhaniyi, sililitali, kuti mudziwe ngati phungu wanu ali womangidwa ndi lamulo kapena akungoopa.

Koma lamulo ndi theka chabe la nkhani. Olo kumene lamulo limamupatsa ufulu, chipani chili ndi zingwe zina zambiri: ndi chomwe chimasankha woimilira pa chisankho chikubwera, ndi chomwe chimapereka ndalama za kampeni, unduna, upampando wa komiti, maulendo akunja, ngakhale mpata woyankhula mnyumbamo pena umadutsira kwa chief whip, mkulu wa ma whip omwe ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti aphungu a chipani akuvota momwe chipanicho chalamulira. Funsani kuti kodi dzina lake linafika bwanji pa pepala lovotera, anapambana mapulaimale enieni kapena anangoikidwa ndi akulikulu, nanga kampeni analipira ndani. Ndipo onani ngati ali nduna kapena wachiwiri kwa nduna, chifukwa mmaiko otsata ndondomeko ya ku Britain nduna siingavote motsutsana ndi boma nkukhalabe pa mpando. Robin Cook atakana nkhondo ya ku Iraq anayamba watula pansi udindo wake mboma la Tony Blair pa 17 Malichi 2003, mawa lake mpamene panali voti, ndipo aphungu 139 a chipani cha Labour anavota motsutsana ndi boma lawo lomwe. Nkhondoyo inavomerezedwabe. Tanthauzo lake kwa inu ndi loti voti ya nduna simakuuzani chilichonse za mtima wake, chomwe chingakuuzeni ndi tsiku lomwe angasiye unduna.

Kenako phunzirani kusiyanitsa mitundu ya mavoti, apa mpomwe ambiri timasokonekera. Si voti iliyonse yomwe chipani chimaikapo dzanja mofanana. Ku Westminster, nyumba ya malamulo ya ku Britain, sabata iliyonse aphungu amalandira chikalata chochokera kwa ma whip a chipani chawo, mmenemo mwalembedwa zokambirana za sabatayo ndipo nkhani iliyonse yadulidwa mzere kunsi, mzere umodzi kutanthauza kuti ukabwera zili bwino, iwiri ukuyenera kubwera, itatu ndiye palibe zokambirana ubwere uvote ndi chipani. Belu likalira amakhala ndi mphindi pafupifupi 8 kuti afike, nde samakweza manja kapena kudina batani ali pampando, amachita kuyenda ndi miyendo kulowa mkhonde la ovomera kapena la okana, ndipo ma whip amaima chapakhomo kulozera anthu awo kolowera. Taganizani phungu amene akufuna kupandukayo, akuyenera kudutsa pamaso pa anzake onse omwe amakhala nawo benchi imodzi, kulowera khomo linalo limodzi ndi otsutsa, aliyense akumuona. Komanso taganizani mbali inayo, munthu wathamanga kuchokera ku komiti, bilu sanaiwerenge, wangoona komwe whip akuloza nkulowa. Mavoti ambiri ndi a mtundu wongotsata komwe whip walozawu ndipo tisadabwe nazo, mabilu ndi ambiri komanso ena ndi mabuku athunthu.

Ndiye pali voti yomasuka, pomwe chipani chimati aliyense atsate mtima wake, kawirikawiri pa nkhani za moyo ndi imfa kapena zokhudza chikhulupiliro. Pa 29 Novembala 2024 aphungu a ku Britain anavota pa bilu yolola odwala omwe atsala pang'ono kumwalira kuthandizidwa kufa, inadutsa gawo limenelo ndi mavoti 330 kwa 275, nduna yaikulu Keir Starmer anavomera pomwe nduna yake ya zaumoyo Wes Streeting anakana, anthu a kabineti imodzi. Ku Germany mu Juni 2017 Angela Merkel anamasula aphungu ake pa nkhani ya maukwati a anthu ofanana ziwalo, lamulolo linadutsa 393 kwa 226 iye mwini atavota kukana. Mavoti ngati amenewa asakeni, ndi omwe amakuonetsani munthuyo chingwe chitamasulidwa. Koma muonenso chinthu china apa, amene amasankha kuti nkhani iyi ndi ya chikumbumtima ndi chipani chomwecho, ndipo simudzamva chikunena kuti bajeti kapena misonkho ndi nkhani ya chikumbumtima, chonsecho kwa munthu wosauka msonkho ndi nkhani ya moyo ndithu.

Voti yachinsinsi ndi nkhani ina yomwe ine imandivuta kuigamula. Pa 8 Ogasiti 2017 nyumba ya malamulo ya ku South Africa inavota mwachinsinsi ngati ikumukhulupilirabe pulezidenti Jacob Zuma, sipikala Baleka Mbete atavomera kutsatira chigamulo cha khothi loti ali ndi mphamvu yolola zimenezo. Zuma anapulumuka, 198 kwa 177, ena 9 sanavotere mbali, koma mukawerengera mipando ya otsutsa mupeza kuti aphungu a chipani chake cha ANC oposa 20 anavota kuti achoke. Mu Disembala 2022 panabwera voti ya nkhani ya ndalama zomwe zinabedwa pa famu ya pulezidenti Cyril Ramaphosa yotchedwa Phala Phala, iyi inali ya poyera aliyense kutchulidwa dzina, ndipo a ANC omwe anapanduka anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, mmodzi mwa iwo Nkosazana Dlamini-Zuma. Nkhani ziwirizi sizofanana ndendende inde, koma zikuonetsa kuti chinsinsi chimamasula phungu kwa chipani. Vuto ndi loti chimamumasulanso kwa inu, simudzadziwa anavota bwanji, ndipo ngati panadutsa envelopu usiku palibe amene adzaone. Nde mukamva anthu akukuwa kuti voti ikhale yachinsinsi kapena ya poyera, dzifunseni kuti pa nkhani iyiyi woopsa kwambiri ndi ndani, chipani kapena ogula mavoti.

Tsopano pezani zolembedwa. Kandimverere anakanena za mmaluwa, osadalira kakanema ka masekondi 30 ka pa WhatsApp kapena zomwe wanena wa chipani china. Nyumba zamalamulo zambiri zimasindikiza Hansard, buku lomwe mumalembedwa zonse zoyankhulidwa mnyumbamo, ndipo voti ikakhala yoitana mayina mndandanda wake umakhalamo kapena mzikalata za tsikulo. Maiko ena kuli masamba a pa intaneti omwe anakusanjirani kale, TheyWorkForYou ku Britain, Mzalendo ku Kenya, People's Assembly ku South Africa. Komwe kulibe, lembani kalata kwa mlembi wa nyumba ya malamulo kupempha mndandanda wa voti ya tsiku lakuti pa bilu yakuti, tchulani tsiku ndi dzina la biluyo kuti asakuzungulitseni. Mupeza kuti mavoti ambiri amangochitika ndi mawu, sipikala afunsa ovomera akuwe, okana akuwe, nkugamula ndi khutu, palibe dzina la munthu lomwe lalembedwa. Zikatero yang'anani zina: anayankhulapo chani pa zokambirana, anabweretsa zosintha zilizonse pa biluyo, ku komiti amapita kapena ayi, ndipo tsiku la voti analipo? Kujomba kumeneku muzikuonetsetsa kwambiri. Phungu amene sakufuna kukhumudwitsa chipani komanso akuopa anthu akwawo njira yake yachidule ndi kudwala tsiku limenelo kapena kukhala ndi ulendo, nde mukaona kuti amasowa pa mavoti otentha okhaokha pomwe masiku wamba amakhalapo, mwapeza kanthu.

Mukapeza mndandandawo musawerenge mavoti onse nkunena kuti aa uyu amavota ndi chipani nthawi zonse ndi kapolo. Pafupifupi phungu aliyense amavota ndi chipani chake nthawi zambiri ndipo ine sindikuona cholakwika pamenepo pachokha. Munthu analowa chipanicho chifukwa amagwirizana nacho pa zambiri, inunso ambiri munamuvotera chifukwa cha chizindikiro cha chipanicho ndi manifesito yake osati nkhope yake, ndipo boma lomwe aphungu ake aliyense akulowera kwake silingadutsitse olo bajeti, komanso aphungu 200 oyenda payekhapayekha ndi osavuta kuwagula mmodzimmodzi kusiyana ndi gulu. Pomwe mtima wake, chipani ndi anthu akwawo zikufuna chinthu chimodzi voti yake simakuphunzitsani kanthu. Sankhani mavoti atatu kapena asanu okha pomwe zitatuzi zinasemphana poyera, amenewo ndiwo mayeso.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Brexit. Mu 2016 dziko la Britain linavota kutuluka mu European Union, koma madera ena anavota kwambiri kuti atsale, ndipo aphungu ambiri paokha ankafuna kutsala. Pa 1 Febuluwale 2017 itabwera bilu yoyambitsa kutulukako mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Labour Jeremy Corbyn analamula aphungu ake ndi mizere itatu kuti avomere, 47 anakana kumvera, biluyo inadutsa 498 kwa 114. Tulip Siddiq anasiya udindo wake wa kutsogolo mchipani ponena kuti anthu a dera lake la Hampstead and Kilburn anavota kutsala nde sangawatembenukire. Apo mukuona munthu wosankha dera kusiya chipani. Anzake ena a madera omwe anavota kutuluka anavomera biluyo mtima ukukana, amenewo chipani ndi dera zinagwirizana nkugonjetsa chikumbumtima. Ndipo mu Seputembala 2019 aphungu 21 a Conservative anavota motsutsana ndi mtsogoleri wawo, nduna yaikulu Boris Johnson, pofuna kutseka njira yotuluka popanda mgwirizano, usiku womwewo anachotsedwa mgulu la aphungu a chipani, mmenemo muli Ken Clarke yemwe anali phungu kuyambira 1970 ndi Nicholas Soames mdzukulu wa Winston Churchill.

Apa ndiye pafika funso lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: voti imeneyoyo inamudyera chani? Kupanduka kwaulere kulipo kwambiri. Chipani chikakhala ndi mavoti okwanira ma whip pena amamulola phungu wa dera lovuta kuti avote mosiyana akadzionetse kwawo, podziwa kuti bilu idutsabe. Wina amapanduka chifukwa anamumana unduna, wina chifukwa waona kuti bwato likumira akufuna kudumphira kwina, onsewo pa wailesi adzati chikumbumtima. Nde onani zinthu zitatu izi pamodzi, kodi voti yake inali ndi mphamvu yosintha zotsatira, kodi anataya chani pambuyo pake, komanso kodi zomwe anavoterazo amazinena kuyambira kale kapena zayamba sabata yomwe anakangana ndi mtsogoleri. Ku America, Liz Cheney mu Januwale 2021 anali mmodzi mwa ma Republican 10 omwe anavota kuti Donald Trump azengedwe mlandu, dera lake la Wyoming linali litavotera Trump pafupifupi 70 peresenti, nde anasemphana ndi chipani komanso anthu akwawo nthawi imodzi, mu Meyi anamuchotsa pa utsogoleri mchipani, mu Ogasiti 2022 anagwa pa mapulaimale. Mwa anthu 10 aja awiri okha ndi omwe anabwelera mnyumbamo chisankho cha 2022 chitatha. Mutha kugwirizana naye kapena ayi, koma simunganene kuti ankasaka mpando. John McCain usiku wa pa 28 Julayi 2017 analowa mu Senate, anayenda mpaka kutsogolo kwa alembi, anatambasula mkono kwa kanthawi anthu onse ali chete kenako nkulozetsa chala chachikulu pansi, bilu ya chipani chake yochotsa mbali za lamulo la zaumoyo lotchedwa Obamacare inagwa 49 kwa 51. Voti yake inasinthadi zotsatira. Koma muyeso womwewo ukutiuzanso kuti anali atangosankhidwanso mu 2016 ndipo madokotala anali atangomupeza ndi khansa ya muubongo, chipani chinalibe chomuopsezera, pomwe Susan Collins ndi Lisa Murkowski omwe anakana limodzi naye kuyambira pachiyambi anali ndi zisankho kutsogolo ndipo satchulidwa kawirikawiri. Ndipo Barbara Lee, yekhayekha pa 420 kwa 1 pa 14 Seputembala 2001 kukana kupereka mphamvu zankhondo zopanda malire kwa pulezidenti patangopita masiku atatu zigawenga zitaukira America, analandira ziopsezo zoti aphedwa, koma anthu a dera lake ku Oakland anapitiliza kumusankha kwa zaka zoposa 20, kusonyeza kuti pena yemwe akuoneka ngati ali yekha mnyumbamo kwawo sali yekha.

Tsopano mudziyese nokha, chifukwa mawu oti zofuna za anthu timawagwiritsa ntchito mosasamala. Anthu ake ati? Dera limodzi muli amene anamuvotera, amene anavotera ena, ndi amene sanavote nkomwe, ndipo kumene wopambana amangofunika kuposa anzake, phungu atha kulowa ndi mavoti osafika theka. Amene amaimba foni ndi kulemba pa Facebook si dera lonse, ndi okhawo omwe ali ndi foni, nthawi ndi mkwiyo. Nde musananene kuti watipereka, funsani ngati mukudziwadi kuti ambiri mderalo amafuna chani kapena mukunena za inu ndi anzanu. Mkanganowu ndi wakale, Edmund Burke mu 1774 atangosankhidwa kukhala phungu wa Bristol ku England anawauza anthu mmaso muli gwa kuti adzawamvetsera ndi kulemekeza maganizo awo koma sadzalandira malamulo kwa iwo, chifukwa chomwe akuyenera kuwapatsa ndi nzeru zake pounika nkhani, ndipo nyumba ya malamulo si msonkhano wa nthumwi za madera olimbana koma ya mtundu umodzi. Anachitadi zomwezo, anathandizira kumasula malonda a Ireland ndi kuchepetsa malamulo opondereza Akatolika, amalonda a ku Bristol zinawanyansa, pofika 1780 anaona kuti sapambana nkuchoka pa mpikisano. Pa nkhani ziwirizo ine ndikuona kuti Burke ndi amene ankalondola osati anthu ake. Komabe mfundo yakeyi aphungu ambiri amaibisalira, amati ndikutsata nzeru zanga pomwe akutsata foni yochokera kulikulu, ndipo kusiyana kwake nkoti Burke anabwera kudzafotokoza poyera nkulandira chilango chake.

Mbali inayo ya nkhaniyi tinaiona ku Kenya mu Juni 2024. Achinyamata anakana bilu ya misonkho kwa masabata, ankatumiza mauthenga pa mafoni a aphungu awo mwachindunji, palibe phungu akananena kuti sindinamve. Pa 25 Juni aphungu 195 anavomerabe, 106 anakana, tsiku lomwelo anthu anathyola mpanda nkulowa ku nyumba ya malamulo, apolisi anaombera ndipo anthu anafa, mawa lake pulezidenti William Ruto anati sasainira biluyo. Miyoyo imeneyo inatayika pa chinthu chomwe aphungu akanachimva ndi makutu okha, ndipo palibe amene angandiuze kuti anthu 195 onsewo chikumbumtima chawo chinangopezeka chikufanana ndi cha boma tsiku limodzi.

Nde mukafuna kuti mawu anu alowe mu voti, nthawi yake ndi bilu isanavoteredwe, makamaka ili ku komiti pomwe ndime zimasinthidwa ndipo makomiti ambiri amalandira maganizo a anthu. Voti ya mnyumba yonse nthawi zambiri imakhala itagamulidwa kale ku kokasi ya chipani, chitseko chotseka, ndipo phungu wabwino nkhondo yake yeniyeni amamenyera kumeneko komwe inu simuona, ichi nchifukwa chake kumupatsa zida msanga kumathandiza, akaime ku kokasi nkunena kuti kwathu ndalandira makalata mazana ndikavomera izi sindibwelera. Lembani mwachidule ndi mawu anuanu osati kukopera uthenga womwe wazungulira, tchulani kuti ndinu wa mdera lake, bilu yake ndi iti, ndime iti, ikukhudzani bwanji inuyo, ndipo mufunse funso loti sangalizembe: muvota bwanji, ndipo chipani chakulamulani kapena yakumasulani? Mukakhala gulu, mpingo, alimi, aphunzitsi, amalonda, muitaneni abwere adzayankhe pamaso pa anthu ndipo wina alembe zomwe wanena ndi tsiku lake. Zotukwana ndi zoopseza zisiyeni, kupatula kuti ndi zolakwika zimangomupatsa chifukwa chabwino chosakuyankhani.

Voti ikadutsa bwelerani kwa iye ndi mndandanda uja mmanja. Ngati anavota mosiyana ndi zomwe munapempha musayambe ndi kumuweruza, mufunseni chifukwa, ndipo mvetserani ngati akuyankha za biluyo kapena akuthawira ku zitukuko zomwe wabweretsa. Amene wawerenga nkusankha mosiyana nanu amatha kutchula ndime, amatha kunena mbali yomwe inamuvuta, pena amavomera kuti ndinatsata chipani chifukwa chakuti ndi chakuti, ndipo yankho loona ngati limenelo ine ndimalilandira kusiyana ndi wondinamiza kuti unali mtima wake. Fufuzaninso ngati dziko lanu lili ndi lamulo lochotsa phungu nthawi yake isanathe, ku Kenya lili mu gawo 104 la malamulo awo, ku Britain lamulo la 2015 limalola anthu 10 peresenti a mdera kusaina kuti pakhale chisankho chapadera koma pokhapokha phunguyo atapezeka wolakwa pa milandu ina kapena ataimitsidwa ndi nyumbayo, osati chifukwa cha momwe wavotera. Nde pa nkhani ya mavoti chida chomwe chimatsala ndi chisankho, ndipo mmadera omwe chipani chimodzi chimapambana nthawi zonse chisankho chenicheni ndi mapulaimale, kumene kumapita anthu ochepa kwambiri, ngati muli membala wa chipani kapepala kanu ka mavoti asanu aja mukatenge mupite nako kumeneko.